Maphukusi Amene Anamera M'chigafa

Moseliwa nonse, amayi ndi abambo. Ayi, manjawo asungeni, musandiombere musanamve zimene ndinachita. Apampando a gulu lathu la geni andipempha kuti ndikuuzeni momwe munthu angachepetsere ndalama zimene zimathera ku positi potumiza katundu. Ndavomera, ndinena. Koma nzeru zimenezi sindinazitole m'kalasi, ndinazitola m'ngalande, ndiye mundilole ndiyambire m'ngalandemo. Mwina wina pano alimo, wangosamba kumaso n'kuvala malaya ochapa.

Ine ndine Laisoni, koma kuno ku Nkhulambe ana ndi akulu omwe amanditchula kuti a Sitampa. Kwathu ndi kwa Nazombe. Kuno ndinabwera kudzakwatira, ndine mkamwini. Nyumba imene ndimagonamo ili pamalo a akazi anga, amake Rute. Munda ndi wawo, mitengo ya mango ndi yawo. Changa chinali njinga ndi dzanja lolemba bwino. Muzisunge zimenezi, chifukwa munthu wotere akagwa sataya geni yokha, amataya ndi khomo lomwe.

Chibadwire ndine wolota masana. Mayi anga ankati, "Iwe, udzagwera m'chitsime ukuyang'ana mitambo." Sananame. Ndili mwana ndinkakhala pachulu n'kumayang'ana mtambo ukutsetsereka paphiri la Michesi, n'kumadzifunsa kuti ukagona kwa yani lero. Nditakula sindinasinthe. Ntchito itandithera ku esiteti ya tiyi, zaka zija matipate atangoyamba, aliyense akuthamangira geni, ine ndinakhala pakhonde n'kumawerengera anthu makalata ochokera kwa abale awo akutali. Ena anali ku Kasungu m'mafodya, ena ku Mzuzu, ena ku Bulawayo. Makalata onsewo ankathera pamodzimodzi: "Ife kuno tili bwino, koma tumizaniko kalongonda, pakamwa pauma." Wina akufuna nandolo, wina khobwe, wina mfutso wa chitambe. Ndinati, ha, geni ndi imeneyi! Anthu ali ndi ndalama m'thumba, koma lilime analisiya kumudzi.

Amake Rute ndiwo anali manja a geniyo. Kulima, kufutsa, kuyanika, kupeta, zonse iwo. Ine kulemba, kusoka maphukusi, ndi kupalasa njinga kupita ku positi. Makasitomala ankatumiziratu ndalama pa positi pomwepo, ya katundu ndi yotumizira yomwe. Mbiri inawanda, poti Mlomwe akapeza kalongonda sadya yekha mobisa, amaitana mnzake. Abale inu, masiku amenewo ndinkayenda ngati mapazi sakugunda pansi.

Tsono tamverani mmene ndinkatumizira, ndipo mukafuna kuseka sekani. Kwathu kuno munthu wolemekezeka sumupatsa chinthu chamaliseche. Ndiye ndinkakulunga nyemba m'pepala, pepalalo m'nsalu, nsaluyo m'chiguduli, n'kusoka ndi chingwe cha khonje chokhuthala ngati chomangira mbuzi, pamwamba n'kusokereranso kansalu koyera kolembapo dzina. Chinanso, kwathu kuno sugulitsa popanda basela. Ukayeza mbale, umawonjezera chikhatho, ukamukonda munthuyo zikhatho ziwiri. Amake Rute ankathira basela wawo, ine ndikubwera pambuyo n'kuthiranso wanga, kuti akatsegula akati, "Koma a Laisoni ndi munthu!"

Ku positi, pamene bambo wa pakauntala ankaika phukusi pasikelo, maso anga sankakhala pasikelopo. Ankakhala pa masitampa. Iii, masitampa a masiku amenewo! Mbalame, agulugufe, maluwa. Akandiuza mtengo ndinkalipira osafunsa, kenako n'kuti, "Wonjezeranipo ya gulugufeyo imodzi, likongole." Phukusi lililonse ndinkalirejisitala, osati chifukwa linali la mtengo wapatali, koma chifukwa ndinkakonda kusaina anthu akuona. La ku Bulawayo ndinkati lipite pandege, kuti dzanja langa liuluke pamwamba pa mitambo, poti mwini wakene sindidzakwerapo. Ndikatero ndinkalemba kalata yapadera yonena kuti phukusi lanyamuka, sabata yotsatira ina yofunsa ngati lafika. Oda ikabwera imodzi, tsiku lomwelo pa njinga, osadikira kuti zichuluke. Pobwerera ndinkapalasa pang'onopang'ono, ndikuliperekeza phukusi lija m'maganizo: tsopano lili m'thumba, tsopano ladutsa Zomba, tsopano mayi wina akumasula chingwe ndi mano, ana amuzungulira, nyumba yonse yanunkhira kwathu.

Kwacha inagwa, mukukumbukira. Mitengo ya ku positi inakwera, n'kukweranso. Ndalama yotumizira imene makasitomala ankapereka inayamba kuperewera, ine n'kumawonjezera yapaphindu, phindu litatha n'kumawonjezera ya mpamba. Kuwauza anthu kuti awonjezere ndinkachita manyazi. Kuwauza amake Rute ndiye manyazi oposa. Mkamwini amene apongozi ayamba kumutamanda kumpanda kwa anzawo angabwere n'kunena kuti geni ikudya yokha? Akandifunsa ndinkangoti, "Zikuyenda, amake Rute, zikuyenda."

Kuseri kwa msika, panjira yochokera ku positi, kunali mayi wina wotcheza kachasu. Tsiku lina ndalama inaperewera pang'ono kuti phukusi lipite. Ndinatuluka nalo, ndinaima panja, ndinati ndikhale kaye pamthunzi ndiganize. Mthunzi wake unali wa mayi uja. Ndinamwa yoperewera ija yonse. Phukusi ndinabwerera nalo, ndipo ndisanafike pakhomo ndinalowa nalo m'chigafa chakale cha fodya kumapeto kwa munda wa apongozi, n'kuliika pamwamba pa mitanda. Ndinati litumizidwa mawa. Mawa lake ndinabweretsa linzake.

Zinathamanga, abale. Ndinkachoka m'mawa phukusi lili pakaliyala, amake Rute akundikupizira dzanja, ndikangokhota pa nsungwi paja n'kulowa m'chigafa, kenako kwa mayi uja. Makalata odandaula atayamba kubwera ndinkati katundu akubedwa m'njira. Linali bodza, anthu a ku positi sanatengepo ngakhale nyemba imodzi. Belu la njinga linapita, kaliyala inapita, kenako njinga yonse ndinaiika pinyolo, kunyumba n'kunena kuti ili kwa okonza. Chodabwitsa n'chakuti ndikaledzera ndinkakhala m'chigafamo masana, dzuwa likulowa m'ming'alu ya udzu, n'kumawerenga maina aja mmodzimmodzi, ndipo ndinkawaona anthuwo akulandira, akuseka, akuphika. Mtima unkakhala m'malo. M'mutu mwanga maphukusi onse anali atafika.

Tsiku limene ndinafika pansi penipeni ndi ili. Ndinagwa m'ngalande ya m'mbali mwa njira ya kuchitsime, dzuwa lili paliwombo, buluku litanyowa, ndipo sikunali mvula. Apongozi anga aakazi, munthu amene tikakumana ndimapatuka n'kunjuta patali, anandipeza choncho. Ndinawaona ndi diso limodzi. Anathyola tsamba la nthochi, anandifunditsa pamene panafunika kufunditsa, analambalala n'kupitiriza ulendo wawo ndi ndowa pamutu. Mpaka lero ndikakumbukira, thupi limachita tsemwe. Koma musaganize kuti ndinasiya. Mawa lake ndinamwanso kuti ndiiwale tsambalo.

Kenako inabwera mvula ya mvumbi, ija yosakata, phiri lonse la Mulanje osaoneka. Denga la chigafa linali lovunda. Ine masiku amenewo sindinapondeko, ndinali chigonere ndi matsire ndi chifuwa. Mvula itakata, kunacha bwino, kumwamba kochapidwa, ndipo mbuzi za apongozi zinathamangira kuchigafa n'kumakankhana pakhomo, zina zikuimirira ndi miyendo iwiri. Amake Rute anazitsatira kuti akaone chimene zaona. Patapita kanthawi ndinamva akuitana, osati mokuwa, koma ndi mawu aja oitanira munthu kuti adzaone mwana akuyamba kuyenda.

"Bambo a Rute, tabwerani kuno."

Ndinapita. Miyendo inkadziwa kale, koma ndinapita. Nditalowa ndinaima. Abale anga, ndanena kuti ndine wolota, koma loto ngati limene lija sindinalotepo. Pamwamba pa mitanda panali munda. Maphukusi onse anali atafufuma, misoko itaphulika, ndipo m'ziguduli monse munatuluka mphukira. Khobwe anali atatambasula kale masamba, wotuwa chifukwa cha mdima, akuweramira kumene kunali kuwala. Mizu yoyera inkalendewera pansi ngati ndevu. Madontho ankagwabe kuchokera kudenga, limodzilimodzi. Pa tinsalu toyera tija inki inali itayenderera, koma maina ankawerengekabe, ndipo mphukira zinaboola pakati pa zilembo zanga zokongola zija. Kasungu anamera. Mzuzu anamera. Munali fungo la nthaka, la mfutso wovunda, ndi la chinthu chamoyo. Kunali kokongola, ndikuuzeni zoona, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Amake Rute anatsitsa phukusi limodzi n'kulifungatira. Sukulu sanapite nayo patali, koma dzina ili analidziwa, chifukwa analilongedza okha. Linali la a Namakhwa, bambo wachikulire wa kuno kwathu amene ankagwira ulonda ku Karonga, kumene Alomwe ndi owerengeka. Iwowa analemba kuti akudwala, chakudya chikukana kulowa, ndipo chimene mtima ukufuna ndi kalongonda wa kwawo basi. Amake Rute anasankha nyemba imodziimodzi, zazikuluzikulu, ndipo tsiku lomwe ndinanyamuka nalo anandiuza kuti, "Ili lokha musachedwe nalo."

Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chikusisita kamphukira konenepa kamene kanatuluka pamsoko.

"Munati linafika," anatero.

"Ndinatero."

"Munati anayankha kuti athokoza."

Ndinkadikira kuti akuwe, aitane mudzi, andigende ndi phukusilo. Bwenzi zitandipepukira. Koma anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Mowa ndinkaudziwa. Njinga ndinkaidziwa. Ndinkati mwamuna wanga wafooka, adzadzuka. Koma izi ndi manja anga, bambo a Rute. Anthu awa akuti mkazi wa ku Nkhulambe uja ndi wakuba." Anaika phukusilo pansi. "Lero mupite kwa achemwali anu kwa Nazombe. Kumunda muzibwera, khasu lanu lilipo. Koma pakhomo panga mudzalowa tsiku limene phukusi lililonse lidzafike kwa mwini wake. Lililonse."

Ndinafunsa mopusa kuti, "Nanga izi titaye kuti?"

"Titaye? Zamera kale. Katengeni makasu."

Tsiku limenelo tinang'amba maphukusi onse n'kuwokera mphukira zimene zinali zamoyo m'munda wawo, m'mizere ya chimanga, osayankhulana. Khobwe wa uje apa, nandolo wa uje apo, kalongonda wa a Namakhwa m'munsi mwa mtengo kuti adzayange. Ndinkabzala ndikulira, mamina ali chuchuchu, mbuzi zikundiyang'ana. Madzulo ndinanyamula kachikwama kanga, wapansi, kupita kwa Nazombe. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine sindinaterereke ndekha, ndinachita kudzithira thelele.

Mowa sunandisiye mwaulemu. Masabata oyamba unkandiitana usana ndi usiku. Ndinkatafuna nzimbe mpaka nkhama kutupa. Ndinagwanso kamodzi, pamaliro, sindibisa. Achemwali anga anandiuza kuti, "Achimwene, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Koma ndalama zokha bweretsani ndikusungireni." Ndiye ndinkapita kuchigwa kukagwira ganyu m'minda ya mpunga, matope mpaka m'maondo, misundu ikundiyamwa, ndipo kalikonse ndinkapereka kwa iwo. Ndalama ya ganyu imapweteka. Ukaitenga kuti ukagule sitampa, umayamba kufunsa kuti sitampayo ikulipirira chiyani.

Ndinapita ku positi wopanda phukusi, kwa nthawi yoyamba, n'kufunsa bambo wa pakauntala kuti mtengo amaupeza bwanji. Anaseka. "A Sitampa, zaka zonsezi lero ndiye mwafunsa?" Anandionetsa kuti mtengo sukwera pang'onopang'ono ngati chitunda, umakwera ngati masitepe. Phukusi likangodutsa mzere, ngakhale ndi nyemba zowerengeka, walipira sitepe yonse yapamwamba. Ndinagwira pakamwa. Makasitomala ankaitanitsa muyezo wokwanira bwinobwino pamzere, ndiye basela wa amake Rute, basela wanga, chiguduli ndi chingwe cha mbuzi chija zinkakankhira phukusi lililonse kutsidya. Ulemu wathu womwe ndi umene unkadya geni.

Mawa lake kumunda ndinaima patali n'kunena kuti, "Amake Rute, ndapeza. Tisiye basela."

Anaweramuka, dzanja m'chiuno. "Mowa ndiwo musiye. Basela sitisiya, sitinaleredwe choncho."

"Koma ndi amene akulemeretsa."

"Ndani anakuuzani kuti basela ndi wolemera? Basela ndi woti munthu adziwe kuti tamukumbukira, si woti athyoke naye msana." Anapita pachulu, anathyola tsabola wa kambuzi, n'kundionetsa pachikhatho. "Uyu akauma amalemera chiyani?"

Mwamva, inu a tomato kumbuyoko? Kuyambira pamenepo basela wathu ndi kambuzi wouma kapena kachipukutu ka mfutso wa chisoso. Salemera kanthu, koma munthu akatsegula amayetsemula n'kuseka.

Khobwe ndiye anayamba kucha. Ndinapanga sikelo yanga: ndodo yowongoka, chingwe pakati, mbali ino paketi ya shuga yosatsegula, mbali inayo phukusi. Ndimayeza litakulungidwa kale, osati nyemba zokha, ndipo ndimasiya kampata kuti sikelo ya ku positi ikanena zina ndisadutse mzere. Chiguduli ndinasiya. Mapepala okhuthala a mabelo a shuga, amene ogulitsa m'magolosale amangotaya, ndi olimba ndipo ndi opepuka. Ulusi wopyapyala umagwira chimodzimodzi. Dzina ndimalemba papepala pomwepo.

China ndi madzi. Nyemba zooneka zouma zimakhala zikadali ndi madzi, ndiye unkapezeka ukulipira positi kuti inyamule madzi a ku Phalombe kupita nawo ku Mzuzu, ngati kumeneko kulibe. Tsopano timayanika mpaka nyemba ikalumidwa ilire kuti thwa. Nandolo timayamba tapera pamphero n'kupeta, apite wopanda makoko. Chinangwa sititumiza makaka, timasinja, upite ufa wosefa. Chimene munthu akachilandira akachitaye, chitayireni konkuno.

Ndinazindikiranso kuti anthu anga ambiri a ku Kasungu amakhala pa esiteti imodzi, amapemphera tchalitchi chimodzi. Ndinkawatumizira aliyense lakelake, aliyense sitampa zake. Ndinalembera mkulu wa mpingo wa kumeneko, ndinaulula zonse zimene ndinachita, osakometsera, n'kupempha kuti azilandira phukusi limodzi lalikulu, mkati muli timatumba ta aliyense ndi dzina lake. Anavomera, ngakhale anandilalikira kaye masamba awiri. Phukusi limodzi lalikulu limatsika mtengo kuposa ang'onoang'ono ambiri. A pafupi, a ku Limbe ndi ku Zomba, ndinapangana ndi dalaivala wa matola amene timapemphera naye, amakasiya pagolosale ya munthu wodziwika, eni ake n'kukatenga. Koma izi muchite ndi munthu amene mukudziwa kwawo ndi amayi ake, osati aliyense wokhala ndi chiwongolero.

Ndege ndinaisiya. Nyemba zouma sizithamangira kulikonse, zipite pansi. Kurejisitala ndimachita pokhapokha katundu ali wambiri. Makalata awiri aja ndinasiya, positikhadi imodzi imakwana, ndipo ndimalembapo poyera kuti katundu ndi mwakuti, yotumizira ndi mwakuti, ikakwera ndikuuzani. Manyazi onena mtengo ndi amene anandigwetsa, ndipo taonani, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwiya. Ku positi ndimapita kamodzi pa sabata, m'mawa, ndalama yowerengeratu, yosatsala ngakhale ya fodya, ndipo pobwerera ndimadzera njira ya kusukulu, yotalika, yosadutsa kuseri kwa msika. Gulugufe wowonjezera uja ndimangomuyang'ana m'galasi n'kumupatsa moni.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Khobwe anapita, mfutso unapita, nandolo anapita. Ena anayankha mothokoza, ena motukwana, mmodzi anati asadzandionenso, ndipo anali ndi ufulu. Yankho lililonse ndinkapita nalo kumunda n'kuwawerengera amake Rute, iwo n'kungoti, "Mhm," khasu osaimitsa. Koma tsiku lina ndinapeza chinangwa chootcha atandisiyira pamzere wanga. Mtima unadumpha ngati wa mnyamata.

Linatsala limodzi, la a Namakhwa. Kalongonda amachedwa kucha, n'zoona, ndipo nthawi ya dzinja sapezeka pamsika. Koma ndisanamizire kalongonda. Ndikanatha kuyenda midzi n'kupempha mbale imodzi. Ndikanatha kuwalembera bambowo n'kupepesa. Sindinatero. Onse ndinawalembera kupatula iwo, chifukwa ndikagwira cholembera ndinkawaona atakhala pakhonde ku Karonga, atafunda bulangete, akuyang'ana kumsewu, ndipo dzanja linkauma. Ndinayamba ndi zosavuta, chovuta n'kumati mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kalongonda wa pamtengo uja atauma, amake Rute anasankhanso imodziimodzi. Ndinayeza, ndinakulunga, linali pansi pa mzere bwinobwino, phukusi labwino kuposa onse amene ndinapangapo. Ndinalitumiza. Ndinayambanso kulota: ladutsa Kasungu, ladutsa Mzuzu, likutsika mapiri, bambo uja wamwetulira. Ndinkadziona ndikulowa pakhomo paja, Rute akundithamangira.

Patapita masabata, bambo wa pakauntala anandiitana ndisanafike n'komwe pamzere. Anatulutsa phukusi pansi pa kauntala. Linali langa, lapepala la shuga, ngodya zitaphwanyika, palembedwa mawu ofiira. Anayankhula motsitsa. "Labwerera. Akuti mwini wake anatisiya."

Ndinalinyamula ngati mwana wodwala. Ndinayenda mpaka pamphambano pamene njira ya kuseri kwa msika imapatukira, n'kukhala pamwala. Fungo la kachasu linkafika pomwepo. Ndinaganiza kuti, basi, amake Rute anati lililonse, ndipo ili silidzafikanso mpaka Yesu adzabwere. Khomo latsekeka. Nanga ndikudzimaniranji? Mayi uja akanandipatsa botolo posinthana ndi kalongonda yemweyo. Ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha. Chimene chinandidzutsa si mphamvu zanga ayi. Ndinangoona kuti ngati ndilowa kumeneko ndiyenera kukanenanso kuti linafika, ndipo pakamwa panga panakana.

Ndinawapeza amake Rute akupeta pabwalo. Ndinaima kumpanda, pamene ndinkaima miyezi yonseyo.

"Amake Rute, ndalephera. Labwerera. A Namakhwa anamwalira."

Anaika lichero pansi. Anabwera, analandira phukusi ndi manja awiri, anakhala pansi pomwepo n'kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, ngati anali bambo awo. Ine ndinaima chiimire, chipewa m'manja. Atatonthola anati, "Munawachedwetsa ndinu."

"Ndine."

"Simunati linabedwa m'njira."

"Ayi."

Anang'amba pepala, anakhuthulira kalongonda mumphika waukulu. "Ali ndi achemwali awo cha kumalire uko. Tikapepese maliro, ndipo sitipita chimanjamanja. Nkhuni zili kuseri. Lowani, musonkhe moto."

Ndinalowa. Mukudziwa nonse kuti kalongonda safuna changu. Umawiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, ukafupikitsa amazunguza mutu. Ndinakhala pamoto tsiku lonse, utsi m'maso. Dzuwa litapendeka ndinaimirira n'kuyamba kukung'untha buluku kuti ndiyambe ulendo wa kwa Nazombe. Amake Rute anandiyang'ana.

"Mukupita kuti?"

"Kwada. Ndimati ndikagone."

"Kodi kwanuko kalongonda amapsa tsiku limodzi? Khalani pansi. Moto ukazima mundiuza bwino."

Ndi mmene ndinabwererera pakhomo, abale. Ndinalowa ndi phukusi limene silinafike.

Atapsa tinanyamula mphikawo mpaka kumalire. Achemwali a malemuwo ndi gogo wamng'ono thupi, wosaona bwino. Anatiuza kuti uthenga unawapeza mochedwa, mlongo wawo ataikidwa kale komweko ndi anthu achilendo. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za chigafa, za kachasu, za kalata imene sindinalembe. Anamvetsera osandidula. Kenako anapempha madzi, anasamba m'manja, anatenga nyemba imodzi n'kuitafuna nthawi yaitali ndi mano awo otsalawo.

"Wapsa bwino," anatero. "Ndi mmene ankamukondera achimwene. Ankati akadzapuma ntchito adzabwera kudzadya mpaka adzadwale." Anakankhira mbale kwa ine. "Idyani, bambo. Mwini wake kulibe."

Ndinadya. Sindinadyepo chakudya chovuta kumeza ngati chimene chija.

Ndiye inu amene mwabwera kudzamva za masikelo ndi mapepala, tengani, n'zaulere, zimagwira ntchito. Geni yathu ikuyenda, njinga ndinaiwombola, mowa ndinausiya. Koma ngati pali wina pano amene ali ndi chigafa chake, ndipo mkatimo muli chinthu cha munthu amene akudikira, musayambe ndi zosavuta monga ndinachitira ine. Tikangobalalika pano, pitani mukatsitse chovutacho. Wanga uja anadikira mpaka anatopa.